Matayala Anayi pa Mtsetse wa Nyamiyala

Okutobala, chaka chimene amai anu anatisiya

Tsiku limenelo kunatentha kuyambila m'mawa. Kunalibe mphepo, masamba a mango anangoti zii, ndipo nyenje zinali kulila m'mitengo mpaka makutu kuwawa. Kutali cha kumpoto mitambo inali kugunda, mvula isanagwe ngakhale dontho. Koma chimene chinatsala m'makutu anga mpaka lelo ndi kaphokoso kakang'ono kochokela kuseli kwa nyumba: fii, fii, fii, kulila kwa pompa. Ndinakamva bwinobwino ndili pamphasa pafupi ndi amai anu, kolona ili m'manja, ndipo ndinati mumtima, anthu akupopa njinga zawo. Ana anga, mwandifunsa kambili kuti zinatheka bwanji kuti amai anu afike kwawo pa njinga pamene mwamuna wawo anali dalaivala. Ndinali kukuyankhani mwachidule. Tsopano ndinapuma pa ntchito, nthawi ndili nayo, ndiye ndiyambile kumene nkhaniyi inayambila.

Zaka zanga zoyamba ku Petauke

Ntchito yanga yoyamba inali pa kampani ina yogula thonje. Ndinalowa ndili kale ndi laisensi, koma anandiika pansi pa aTembo, dalaivala wamkulu, munthu wamfupi wosakonda kunena chinthu kawili. Tinali kuzungulila misika ya thonje ya ku Kalindawalo ndi ku Nyampande, m'misewu imene ngolo za ng'ombe zinakumba. Masiku amenewo chilichonse chinali chosowa. Chubu chinali kukhala ndi zigamba zambili kuposa buluku la kumunda, ndipo tayala likang'ambika tinali kulisoka ndi waya. Tsiku lina titafika pa chitunda cha miyala, aTembo anaimitsa galimoto, natsika, nayamba kutulutsa mpweya m'matayala ndi kamtengo ka machesi. Ine ndinaganiza kuti dzuwa lawazunguza mutu.

"Bambo, mukuphwetsa dala?"

"Vula nsapato, uponde mwala uwo," anatelo aTembo. Ndinavula n'kuponda. "Phazi lako latani?"

"Laukumbatila."

"Vala nsapato, upondenso ndi chidendene."

Ndinatelela, pang'ono kugwa chagada.

"Basi, sukulu yatha. Pa tala tayala likhale lolimba. Pa miyala likhale phazi. Ndipo chachiwili, dalaivala sasiya galimoto yake m'tchile, ngakhale amve kuti kwawo nyumba yapsa."

Zinthu ziwili zimenezo ndinayenda nazo moyo wanga wonse. M'zaka zomwezo ndi pamene ndinakwatila amai anu, Esinati, mwana wa kuchigwa, kumunsi kwa Nyimba.

Nditalowa ntchito ku bungwe la alimi

Kampani ya thonje itachepetsa anthu, ndinapeza malo ku bungwe lina la alimi la m'midzi yozungulila Minga. Bungwelo linali ndi galimoto imodzi yokoka mawilo onse anayi, imene anthu akufuna kwabwino anapeleka. Injini yake inali yamphamvu, koma inabwela itavala nsapato za mwana wa sukulu: timatayala tating'ono, tosalala, ta m'tauni. Ntchito yake inali kutengela mbewu ndi feteleza kwa mamembala, n'kubwelako ndi mtedza ndi mpendadzuwa. Mamembala ena anali kuchigwa, kwawo kwa amai anu, ndipo njila yopita kumeneko inali imodzi yokha, yotsika pa mtsetse umene anthu amautcha Nyamiyala. Amene sanauone sangamvetse. Miyala yake yaikulu inasanjana ngati masitepe osweka, pakati pake pali timiyala togudubuzika, kumanzele kuli phompho, ndipo pansi penipeni pali mtsinje umene umakhala mchenga chilimwe chonse, koma mvula yoyamba ikangogwa umatseka njila mpaka dzinja lithe. Ulendo uliwonse mimba ya galimoto inali kugunda pa miyala, ine n'kumamva ngati yagunda mimba yanga.

Zonse za bungwe zinali kudutsa mu komiti. Wapampando anali aMwanza, mlimi wakhama, wamtima wabwino, wadazi lonyezimila, amene sanali kutseka msonkhano aliyense asanalankhule, ngakhale amene wabwela kudzangobisala dzuwa. Wina wa mu komiti anali aJuwau, amene anachoka ku Mozambiki nthawi ya nkhondo n'kukhazikika kwathu kuno. Iwowa anali kukonza njinga pansi pa mtengo pafupi ndi shedi ya bungwe, ndipo anali ndi pompa yaikulu yoponda ndi phazi, imene anali kuisunga ngati mwana.

Zaka zingapo ndinali kupempha matayala a pa miyala. Ndinanena zimene ndinali kufuna mobweleza mpaka amai ogulitsa zitumbuwa panja anaziloweza. Akhale aatali kuposa akalewo ndi chikhatho chimodzi, kuti mimba ikwele. Akhale ochindikala m'mbali, chifukwa mwala sudula tayala pansi, umalidula m'nthiti. Mano ake akhale akuya ndi otalikilana, kuti alume mwala ndi kulavula matope. Ndipo akhale asanu, chifukwa sipeya iyenela kulingana ndi anzake. Chaka china anati mtedza sunabeleke. Chaka china anati tiyambe takonza denga la shedi. Chaka chinanso anagwilizana nazo, koma msonkhano unathela pa kukangana ngati galimoto ipakidwe utoto wobiliwila.

Atavomela, anavomela mopitilila. Tinapita ku Lusaka ine ndi aMwanza, ndipo pa sitolo ina iwo anaona matayala ofika m'chiuno mwa munthu, n'kuyamba kuwasisita.

"ADaka, ngati tikugula aakulu, tigule aakulu zenizeni. Anthu a ku Nyimba atione tikudutsa."

"Bambo, awa ndikakhota adzadya madigadi, malata a pamwamba pa mawilo. Pa chitunda injini idzapuma ngati nkhalamba, ndipo dizilo idzatha tisanafike ku Nyimba kumene mufuna akuoneni."

"Inu mumaopa zinthu zabwino."

Ndinatulutsa chingwe chimene ndinayeza nacho malo a wilo kunyumba, n'kuwapatsa kuti ayeze okha. Anayeza, anayezanso, kenaka anagonja mwaulemu. Tinasankha amene ndinali kufuna, ndipo mtima wanga unayamba kuyamika Ambuye. Koma pokweza m'galimoto ndinaona kuti akweza anayi.

"Lachisanu, bambo?"

"ADaka, motoka ili ndi miyendo ingati?"

"Inayi."

"Nanga nsapato yachisanu ndi ya mwendo uti? Sipeya tili nayo kale."

Sipeya imene anali kunena inali kamodzi ka timatayala takale tija, kosalala ngati mutu wa mwini mawuwo. Titabwelela anafotokoza nkhaniyi mu komiti, anthu anaseka mpaka kupukuta misozi, ndipo funso la mwendo wachisanu linakhala nthabwala ya bungwe lonse. Ine sindinaseke, koma sindinakwiye kwambili. Ndinati adzamvetsa m'tsogolo.

Zaka za pompa

Matayala atsopano anasintha Nyamiyala. Ndikafika pamwamba pa mtsetse ndinali kutulutsa mpweya mpaka tayala lililonse litafutukula mimba pansi, ndiye galimoto inali kutsika mwakachetechete ngati munthu wopanda nsapato. Vuto linali lakuti anthu onse a mu komiti anali anthu a njinga. Kwathu kuno munthu amakula ndi pompa. Njinga ya munthu ikamayenda ndi tayala lofewa, anzake amamuseka kuti ndi waulesi, ndipo mnansi wabwino akaiona itatsamila pa khoma amaipopa osafunsa, monga momwe angathamangitsile mbuzi m'munda wa mnzake. Tsono kwa iwo kuona matayala okongola aja ataphwa kunali kowawa m'maso. Ndinawafotokozela mu msonkhano. Ndinapempha aMwanza kuti avule nsapato pamaso pa anthu onse n'kuponda mwala, monga anandichitila aTembo. Anaponda, anati zoona, anthu anaomba m'manja. Ulendo wotsatila ndinangopita kuseli kwa chitsamba kanthawi kochepa, pobwela ndinapeza aJuwau atagwada pa wilo lakumbuyo, pompa ili kale pa vavu ya tayala.

"AJuwau, mukutani?"

"Ndangoonjezako pang'ono, achimwene. Likumvetsa chisoni."

"Si ndinanena kuti ndimatulutsa dala?"

"Munanena. Koma mwatulutsa wambili."

Zimenezi zinachitika kangapo, ndipo nthawi zonse ndinali kuwagwila asanapite patali. Madzulo ndinali kukadandaula kwa amai anu. Iwo anali kumvetsela akusenda mtedza, kenaka n'kunena kuti, "Atate a Lute, mwayambanso ulaliki wa mpweya? Ine ndinatembenuka kale. Kalalikileni akunja."

Okutobala uja

Amai anu anayamba kudwala m'nyengo yozizila. Inu munali kutali, Lute ku Kabwe, ena kusukulu, ndipo sitinakuuzeni zonse. Titayendayenda kuchipatala, adokotala anandiitanila pambali n'kundiuza kuti ndiwatengele kunyumba akapumule. Ndinamva chimene anali kutanthauza, ndipo amai anu anamvanso ngakhale sanali pamenepo. M'mawa wina anandigwila dzanja nati, "Atate a Lute, ndipelekeni kwa amai mvula isanatseke mtsinje. Sindifuna china." Ambuya anu panthawiyo maso anali atafooka, ndipo miyendo yawo sikanatha kukwela Nyamiyala. Mvula ikanatsogola, awiliwo sakanaonananso.

Ulendo womaliza wotengela mbewu kuchigwa unali pafupi. Ndinapempha komiti, ndipo pa ichi sanachite msonkhano. AMwanza anapeleka mpando wawo wakutsogolo, iwo n'kukwela pa matumba kumbuyo pamodzi ndi aJuwau ndi amuna ena awili. Njinga zawo anazimangilila pamwamba pa katundu, kuti akazungulile nazo midzi ya kuchigwa. Tinafika pa mudzi wa pamwamba pa mtsetse dzuwa lili paliwombo. Ndinatulutsa mpweya m'matayala onse monga mwa masiku onse, ndipo popeza amai anu anali atatopa, ndinawanyamula kupita nawo kwa akatekisiti a pamenepo kuti agoneko pamthunzi. Anamwa phala pang'ono n'kugona, ine ndinakhala pambali ndi kolona. Ndi pamene ndinamva pompa ija.

Ndinauzidwa pambuyo pake mmene zinayendela. AMwanza anayang'ana matayala, anayang'ana mitambo, nati lelo tanyamula wodwala, sitingalole kuti motoka itsike ndi matayala akuphwa. Amuna anayi aja anasinthana kuponda pompa pa dzuwa limenelo, thukuta lili kamukamu, mpaka tayala lililonse linalimba ngati ng'oma. Anachita zimenezo chifukwa chokonda amai anu. Ndikakumbuka zimenezi mpaka lelo ndimasowa poika manja.

Ndinabwela nditanyamula amai anu, maso anga ali pa iwo. Amuna aja anali ataimilila mozungulila galimoto akumwetulila, ine ndinayesa ulemu chabe. Poyambila pa njilayo ndi pa mchenga, ndiye sindinamve kanthu. Titangoponda sitepe yoyamba ya mwala, galimoto inadumpha ngati mbuzi. Ndinadziwa pomwepo, koma tinali kale pa timiyala togudubuzika, pamene munthu sangaime. Inadumphanso, inatelela chammbali kulowela kuphompho, ndinaibweza, ndipo wilo lakutsogolo linakakhula nthiti pa mwala wakuthwa. Linaphulika ngati mfuti. Galimoto inagwada n'kuima, ndipo amai anu anamenyetsa mkono pa chitseko. Sanalile. Anangoti, "Mayo," motsitsa mawu.

Ndinatsika n'kukankha tayala lakumbuyo ndi chala. Linali ngati mwala. Ndinayang'ana amuna anayi aja. Pa moyo wanga sindinatukwanepo munthu, ndipo tsiku limenelo ndinaluma lilime mpaka kumva magazi.

"Ndani?"

"Tonse," anayankha aMwanza, chipewa chili m'manja. "Timati amai ayende bwino. Tiike sipeya, aDaka."

"Sipeya iti, bambo? Ya mwendo uti?"

Palibe anaseka. Kasipeya kaja pa wilo lakutsogolo, kumbali ya phompho, kakanapendeketsa galimoto yodzaza matumba, ndipo kosalala kotelo sikakanagwila mwala. Ndekha mwina ndikanayesa, koma osati ndi amai anu m'katimo. Kubwelela m'mbuyo kunali kosatheka. Kumpoto mitambo inali itada, ndipo kamphepo konunkhila dothi lonyowa kanayamba kufika.

AJuwau ndi amene analankhula, osandiyang'ana kumaso. "Achimwene, pothawa nkhondo ife tinanyamula amai athu pa njinga ziwili. Mundilole."

Apa ndi pamene panali povuta pa zaka zanga zonse za ntchito. Kuvomela kunali kupeleka mkazi wanga wodwala m'manja mwa anthu omwe anali atangomupweteka, ndiponso kusiya galimoto ya bungwe m'tchile ili ndi mbewu za anthu, chinthu chimene ndinali ndisanachitepo chiyambile kwa aTembo. Kukana kunali kukhala pamenepo n'kumayang'ana mvula ikutseka mtsinje. Amai anu anatulutsa mutu pawindo nati, "Atate a Lute, motoka ili ndi amai ake kuchigwa?"

Ndinachotsa kiyi n'kuwapatsa aMwanza. Iwo anati sachoka pamenepo mpaka galimoto itachokapo, ndipo anakakhala pa mwala pafupi ndi wilo lophulikalo.

AJuwau anadula mitengo iwili, anaimika njinga ziwili mbali ndi mbali, nazilumikiza ndi mitengoyo pomanga ndi malegeni, timizele ta chubu chakale. Pakati anayala matumba opanda kanthu ndi bulangeti. Tinagoneka amai anu pamenepo, amuna awili akugwila mahandulo, ine ndi aJuwau tikukoka kumbuyo kuti zisathamange. Koma njingazo nazonso zinali zopopedwa mwa mwambo wake, ndiye mwala uliwonse unali kufika m'mafupa a wodwala. Titatsika pang'ono, amai anu anakweza dzanja.

"AJuwau."

"Amai."

"Tulutsankoni mpweya. Ulaliki umenewu ndaumva panyumba zaka zambili, lelo ndiuoneko ntchito yake."

AJuwau anagwada pa miyala, natulutsa mpweya m'matayala onse anayi a njinga ndi dzanja lawo lomwe. Sanandiyang'ane. Kuchokela pamenepo njinga zinatsika mofewa, ndipo amai anu anatseka maso. Tinawoloka mchenga wa mtsinje madontho oyamba akugwa, akuluakulu, otentha. Pofika pa mudzi tonse tinali titanyowa. Ambuya anu anatuluka akupapasa khoma, nagwila nkhope ya mwana wawo ndi manja onse awili, n'kunena m'Chinsenga chawo kuti, "Wawela, mwana wangu." Amai anu anaseka, kuseka kumene ndinali ndisanakumve chiyambile matenda. M'mawa mwake mtsinje unali utadzaza.

Dzinja limenelo ndi pambuyo pake

Amuna atatu aja anawoloka kubwelela madzulo omwewo madzi asanakwele. Ine ndinatsala kuchigwa. Amai anu anakhala ndi amai awo masabata angapo, akudya za kwawo, akulankhula chinenelo chawo, ndipo anatisiya chimanga chili m'mawondo. Munabwela pa bwato, mukukumbuka, ndipo tinawaika kumeneko. Chimene simunaone ndi mkono wawo wakumanzele. Pamene anamenyetsa pa chitseko panada, ndipo thupi lawo linalibenso mphamvu yochotsa bala limenelo. Tsiku lililonse powasambitsa ndinali kuliona. Anapita nalo m'manda.

Nditabwelela ku ntchito ndinapeza galimoto ili pa shedi, yotsukidwa. AMwanza anali atakhala pa Nyamiyala pa mvula mpaka tayala lina litabwela kuchokela ku Lusaka, ndipo mbewu anthu anazitsitsa pamutu ndi pa njinga n'kuziwolotsa pa bwato. Katundu atatha, dalaivala wina anaibweza galimotoyo kumtunda. Kumbuyo kwa galimoto kunali kutapachikidwa tayala lachisanu, lalikulu ngati anzake. Palibe ananenapo kanthu za ilo, ndipo nthabwala ya mwendo wachisanu sindinaimvenso. Ine ndinali kuwapatsa moni, kugwila ntchito, n'kupita kunyumba. Mu tchalitchi ndinali kukhala benchi lina. Pa Atate Athu, ndikafika pa mawu a kukhululukila otichimwila, mawuwo anali kundikanika, chifukwa ndinali kuona mkono uja. Ndinatenga nthawi yaitali ndikuyeza nkhaniyi mumtima. Anthu amene anaphulitsa tayala ndi omwewo amene anafikitsa mkazi wanga kwa amai ake, ndipo zonse ziwili anazichita ndi mtima umodzi womwewo. Ndinayesa kulekanitsa ziwilizi kuti ndikwiyile chimodzi n'kuyamika chinacho, koma zinakana.

Mvula itatha tinanyamukanso ulendo wa kuchigwa kukatenga mtedza. Pamwamba pa Nyamiyala ndinaimitsa galimoto n'kutsika ndi kamtengo kanga ka machesi. Ndinapeza aJuwau atagwada kale pa wilo lakutsogolo, ndipo ndinathamangila pamenepo poganiza kuti ayambanso kupopa. Koma pompa panalibe. Anali kutulutsa mpweya, aMwanza ataima pambali akuyang'anila ngati kapitawo.

"Pakwana apa, achimwene?" anafunsa aJuwau.

Ndinakankha tayala ndi chala. Anali atatulutsa wambili, pang'ono limu, chitsulo cha wilo, kukhudza pansi.

"Mwapitilila. Pompa ili kuti?"

"Ndaisiya kunyumba, kuti isatiyese."

Tinakhala pamenepo pa dzuwa, amuna akuluakulu, tikudikila munthu amene tinamutuma kumudzi kukabweleka pompa ya akatekisiti, kapompa kakang'ono ka m'manja kotayila mpweya m'mbali. Ndinapopa ndekha mpaka mapewa kuwawa, ndipo ndili pakati popopa ndinazindikila kuti ndikufuna kukawauza amai anu madzulo, kuti aseke. Ndinakhala pansi pa mchenga, misozi inatuluka, ndipo aMwanza ndi aJuwau anakhala pansi nane.

Ndinagwila nawo ntchito zaka zina zambili mpaka kupuma kwanga, ndipo sanasiye kunditopetsa ngakhale chaka chimodzi. Koma mukakumana nawo, kapena ana awo, muwapatse moni wa ulemu. Ine ndinawakhululukila.